Katoni ya kunsi kwa bedi

Mvula ya matalala ya mwezi watha ndiyo inandiulula. Kuno ku Joni mvula siodira: masana dzuwa lili phwee, ikamati 4 koloko kumwamba kwada bii, kenaka matalala pa malata ngati wina akukhuthula wilibala ya miyala. Madzi analowera pa zenera la kuchipinda n'kuyenderera mpaka kunsi kwa bedi. Mayi a kunyumba pokolopa anakoka katoni ina yomwe yakhala ikusamuka nafe kuchoka ku Berea, kupita ku Turffontein, mpaka kuno ku Rosettenville, osatsekulidwa ndi kamodzi komwe. Pansi pake panali patafewa ngati buledi wonyika mu tiyi.

"Abambo, zinyalala zanuzi lero muone nazo chochita. Kaya zipita kumudzi, kaya zipita ku bini, koma kunsi kwa bedi kwanga zichoke."

Linali Loweruka, magetsi atathima, kopita kunalibe. Ndinakhuthulira zonse pa kapeti ya pabalaza: makaseti 23, ma CD oposa 60, kope limodzi lopanda chikuto, Discman yothyoka chotsekera, ndi cholembera cha Bic chopanda inki. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe wabwera chaka chomwe chino ndipo akugona pa sofa podikira kuti ntchito ipezeke, anatola cholemberacho n'kufunsa kuti, "Ankolo, ichi chikutani m'katoni ya nyimbo?" Ndinatenga kaseti imodzi, kulowetsa cholembera pa bowo, n'kuyamba kuzunguza m'malere. Anandiyang'ana ngati ndikuombeza maula. Ndinachita kumufotokozera kuti mabatire anali odula, ndiye kubweza tepi ndi wailesi kunali kuwononga chuma. Umabweza pamanja, mabatire n'kumawasungira kumvera. Akafooka unkawayanika padzuwa, ena ankachita kuwaluma.

Ine sindine woyamba pa mtundu wathu kusunga nyimbo ku Joni. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela m'zaka za m'ma 1960, n'kubwerera ndi njinga, chikhoti chachikulu, ndi galamafoni pamodzi ndi mbale zake za kwela. Ankati mudzi wonse unkasonkhana pakhomo kudzamvera kachitoliro ka Spokes Mashiyane. Ulendo wa kumigodi unaduka mu 1974 pomwe ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Galamafoni ija ine ndinaipeza itafa kale, nkhuku zikuikiramo mazira. Koma ndinakula ndikudziwa kuti mwamuna wochokera ku Joni amabwera ndi nyimbo. Chosiyana n'chakuti makaseti angawa anayenda ulendo wobwerera chambuyo: ndinawanyamula ku Ndirande mu 2006, m'chikwama chimodzi ndi mabuluku awiri, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka kutsika nawo pa Park Station.

Kaseti yakale kuposa zonse ilibe chithunzi. Ndi TDK ya mphindi 90, ndipo pa pepala lake pali dzanja langa la Fomu 1, zilembo zopendekera dala kuti zioneke zaukatswiri. Mkati mwake muli Me Against the World ya 2Pac, yojambulidwa kuchokera ku kaseti ina yomwe nayonso inajambulidwa kuchokera kwina, mwakuti phokoso la "sss" limapikisana ndi mwini nyimbo. Chimbalechi chinatuluka mu 1995 iye ali m'ndende, n'kufika pa nambala 1 ku America mwini wake akugona m'chitolokosi. Ife izi tinazimva mochedwa, ndipo zinatikometsera nkhani kuposa nyimbo zenizenizo. Nthawi imeneyo dziko linali litangomasuka kumene. Referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinachotsa mantha pa zambiri, atsikana anayamba kuvala mathalauza, anyamata kusunga tsitsi, ndipo ife tinayamba kukhwefula mabuluku a pa kaunjika n'kumanga mipango kumutu. Akuluakulu anatipatsa dzina loti ma yo. Silinali dzina la ulemu.

Kope lija ndi umboni wa mlandu. Tinkakhala atatu mozungulira wailesi, wina chala pa batani, wina cholembera m'manja, kumvera mzere umodzi, kuimitsa, kulemba, kubweza. Ndawerenga masamba angapo tsiku limenelo mpaka misozi ya chiseko. Theka la zomwe tinkalemba si Chingerezi cha dziko lililonse. Pomwe mawu atikanika tinkangoikapo athu omveka mofanana, n'kumakaimba molimba mtima pa bwalo la sukulu. Nyimbo imodzi yokha ndiyo tinaimva bwino popanda kulimbana nayo, ija anaimbira mayi ake, Afeni Shakur. Munthu akuvomera kuti mayi ake anali ndi zofooka zawo, osabisa, koma akuwathokozabe. Kwathu timati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndiye panalibe chachilendo. Chachilendo chinali kumva chigandanga cha mwamuna, wa zolembalemba pa mimba, akulankhula zimenezi poyera. 2Pac atamwalira mu September 1996, ataomberedwa ku Las Vegas ali ndi zaka 25 zokha, m'kalasi mwathu munali anthu omwe anakana kwamtuwagalu. Mpaka lero ndikudziwa mkulu wina wometa tsitsi yemwe angakulumbirireni kuti munthuyo ali moyo ku Cuba.

Nditaimveranso pa msinkhu uno, ndi ana awiri ndi lendi pamutu, chimbalechi sichinachepe. All Eyez on Me yake, yomwe tinkaitama kwambiri chifukwa inali ya makaseti awiri, ndiyo ndaona kuti ndi yotalika mopanda chifukwa. Phwando lake likatha umatsala wotopa. Me Against the World ndi munthu wamantha akulankhula yekha usiku, ndipo zimenezo zaka zikamapita m'pamene umazimvetsa.

Za Wu-Tang Clan sindichedwapo, ngakhale chilembo chawo cha W ndinachizokota ndi kampasi pa desiki iliyonse yomwe ndinakhalapo. Enter the Wu-Tang (36 Chambers) ya 1993 inatigwira pa chifukwa chimodzi: RZA, wopanga mabiti awo, ankadula mawu a m'mafilimu a kung fu n'kuwalowetsa m'nyimbo, ndipo mafilimu amenewo ndi omwe ife tinkaonera m'mavidiyo sho a mumsika, titakhala pa mabenchi, thukuta lili kamukamu. Zinkakhala ngati anyamata asanu ndi anayi a ku Staten Island aja tinkaonera nawo limodzi. Mpaka pano biti yake imamveka ngati inajambulidwira m'chipinda chopanda zenera, ndipo ndimaikonda choncho.

Illmatic ya Nas ndinaipeza mochedwa, ndipo ndiulule kuti poyamba sinandisangalatse. Inatuluka mu April 1994, koma ine ndinaigula kuno mu 2007, mu sitolo ya Musica, ndi malipiro anga oyamba a ntchito ya ulonda. (Musica yomweyo inatsekedwa yonse mu 2021, ana anga sakhulupirira kuti kunali sitolo yomwe munthu ankalowamo kukagula nyimbo n'kutuluka nazo m'jumbo.) Nditafika nayo kuchipinda ndinaona ngati andibera: nyimbo khumi zokha, zosakwana mphindi 40, popanda ina yovinika. Koma mlonda ali ndi chinthu chimodzi chochuluka, nthawi. M'kanyumba ka pa geti, m'nyengo yozizira ya June pomwe zala zimakanika kugwira kiyi, ndinkaizunguza kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Pang'onopang'ono inayamba kutseguka. Mnyamata wa zaka 20 akufotokoza malo amodzi okha, Queensbridge, midadada ya nyumba za boma ku New York: makwerero ake, mabenchi ake, anzake omwe ali m'ndende, omwe anafa. Sakufuna kukusangalatsa, akungokuonetsa. Mabiti anapanga ndi akamuna asanu osiyana, DJ Premier, Pete Rock, Large Professor, Q-Tip ndi L.E.S., koma ukamamvera umangoti ndi dzanja limodzi. Mlendo pa chimbale chonse ndi m'modzi, AZ, ndipo kumapeto kwa nyimbo yomweyo kumamveka lipenga lofatsa lomwe akuliza ndi bambo ake a Nas, Olu Dara. Lipenga limenelo limandifikitsa kutali. Bambo anga sanamvereko nyimbo yanga ndi imodzi yomwe, ankangoti nditsitse.

CD imeneyi ili ndi chikalakala chachikulu ndipo imadumpha pa nyimbo yachinayi. Mwana wa mchemwali wanga anaseka mpaka kugwa pa sofa pondiona ndikuipaka Colgate n'kumaipukuta ndi malaya. Inadumphabe. Koma ngati mungandifunse chimbale chimodzi choti ndipulumutse nyumba ikamapsa, jelasi dauni, ndi chimenechi.

Pakati pa kusankhula, dzanja lina linatulukira kumbuyo kwanga n'kutola The Miseducation of Lauryn Hill. "Iyi si yanu, iyi ndi yanga," anatero mayi a kunyumba, omwewo omwe mphindi zapitazo amati zonsezi ndi zinyalala. Sananame. Ndinawagulira tili pa chibwenzi, ndipo ndinkanamizira kuti ndi nyimbo za akazi pomwe ine ndemwe ndinkaibwereka kawirikawiri. Chinatuluka mu 1998, mbali ina chinajambulidwira ku situdiyo ya Tuff Gong ku Kingston, ndipo chinampatsa Lauryn ma Grammy asanu usiku umodzi. Pali anthu omwe amati si hip hop chifukwa muli kuimba kwambiri. Amenewo akamverenso nyimbo yoyamba ikangotha ija belu la sukulu, aone ngati pa amuna a nthawi imeneyo analipo angati omwe akanaima naye.

Mulu wina ndinaupatula osamvera n'komwe. Ma CD ogula pa msewu pafupi ndi renki ya Bree, zithunzi zake zosuluka, anthu ovala unyolo kukhosi ataima pambali pa magalimoto omwe mwina sanali awo. Pa nthawi yake ndinkawaimba kwambiri. Lero sindikumbukako mzere ndi umodzi womwe.

Zimbale zomwe zinandikhalitsa pansi nthawi yaitali ndi za kuno. Ndisanabwere ndinkadziwa kwaito ndi Brenda Fassie ndi Lucky Dube basi. Sindinkadziwa kuti ku Joni kuli rapu. Wailesi ya YFM ndiyo inanditsegula makutu. Tsiku lina mu teksi ndinamva munthu akurapa mwaukali m'Chizulu cha m'lokeshoni chosakaniza ndi tsotsitaal, ndipo anyamata awiri a kumbuyo ankamalizitsa mizere yake n'kumamenya mpando. Anali Pro Kid. Chimbale chake Heads and Tales cha 2005 ndinachigula ndisanamve Chizulu kupyola moni ndi mitengo ya zinthu. Mawu amodzi okha ndiwo sankandiphonya, chifukwa ankawabwereza ngati akukhomera msomali: Soweto. HHP naye, Jabulani Tsambo, ankarapa m'Chitswana chosakaniza ndi Chingerezi, chamba chomwe amachitcha motswako, ndipo Mafikeng yake sinkachoka pakamwa. Acceptance Speech ya 2007 ndili nayo yeniyeni, ya kabuku mkati. Munthu uja anali ndi chimwemwe m'mawu; chaka chomwecho anapambana mpikisano wovina wa pa TV, dziko lonse likumuchemerera. Onse awiriwa anamwalira mu 2018, Pro Kid mu August, HHP mu October, ndipo palibe pa iwo yemwe anafika zaka 40.

Apa m'pamene ndinazindikira zomwe tinkalakwitsa ku Ndirande. Ife tinkayesa kuti hip hop ndi Chingerezi, kuti katswiri ndi amene akumveka ngati wa ku America. Pomwe anthu onse omwe ndinkawakonda ankachita chinthu chimodzi: kutchula kwawo mokweza. Nas ndi Queensbridge yake, Wu-Tang ndi Staten Island, Pro Kid ndi Soweto. Aliyense amaima pa msewu wa kwawo n'kukuwa kuti ndine wa pano.

Ndipo ine ndinkamvera zimenezi pa nthawi yomwe ntchito yanga yaikulu inali kubisa kwathu.

Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'malokeshoni mpaka m'tauni. Anthu 62 anaphedwa. Ankaimitsa munthu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, akalephera basi zake zada. Milungu imeneyo ndinkakwera teksi ndi mahedifoni m'makutu, osati chifukwa chofuna nyimbo, koma kuti wina asandilankhule. Mpando wa kutsogolo ndinkaupewa ngati moto, chifukwa wokhala pamenepo ndiye amawerengera ndalama za onse n'kumabweza chenji, ndipo sungachite zimenezo uli duu. Potsika ndinkadikira kuti wina anene "after robot" kuti nditsikire pomwepo, ngakhale patalikire ndi pomwe ndikupita. Foni ikaitana kuchokera kumudzi ndinkaidula. Mayi anga ankadandaula kuti ndayamba kunyada. M'makutu mwangamo munthu akukuwa dzina la lokeshoni yake, ine lilime nditalipinda m'kamwa. Akulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mwambi umenewu ndinaumvetsa ndili pa mpando wachitatu wa teksi ya ku Hillbrow.

Chimbale chomwe chinanditonthoza nthawi imeneyo ndi cha Tumi and the Volume, chija anajambula pamaso pa anthu ku malo oimbira a Bassline. Ndi rapu ya bandi yeniyeni, ng'oma ndi magitala, osati makina. Nditamva kuti woliza gitala ndi woimba ng'oma ndi anyamata a ku Mozambique, komanso kuti Tumi mwini wake anabadwira ku Tanzania makolo ake ali kothawa tsankho, mtima unakhalako pansi. Ndinkati kani mzinda uno umamveka bwino chonchi alendo akaloledwa kuimba nawo.

CD yomaliza yomwe ndinagula pa moyo wanga ndi To Pimp a Butterfly ya Kendrick Lamar. Inatuluka mu March 2015. Kendrick anali atabwera kuno chaka cha m'mbuyo mwake, n'kukaona kachipinda ka Mandela ku Robben Island, ndipo ulendo umenewo uli paliponse m'chimbalemo: mwana wa ku Compton wafika ku Africa, waona anthu akuda a mitundu yonse, wamva ngati wafika kwawo. Patangotha mwezi umodzi zipolowe zinabukanso ku Durban ndi ku Jeppestown, boma la Malawi mpaka linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Anzanga awiri anakwera mabasi amenewo ndipo sanabwererenso. Ndiye chimbalechi ndimachimvera ndi mitima iwiri. Ndi ntchito yaikulu, jazi wake ndi wozama, ndipo kumapeto kuja komwe amacheza ndi mawu a 2Pac otengedwa pa kucheza kwina kwa 1994 kunandibwezera ku Fomu 1 tsitsi lili nyaunyau. Koma sindingachitire mwina kuganiza kuti Africa yomwe iye anaiona ndi ya munthu wofika pa ndege ndi pasipoti ya America. Ife ofika pa basi tinaona ina.

Titamaliza kusanja, mnyamata uja anafunsa funso lomwe ine sindinadzifunsepo. "Ankolo, nanga za kwathu zili kuti?"

Ndinafufuza. Ndinapeza kaseti ya Lucius Banda, Son of a Poor Man, yomwe ndinaba kwa achimwene anga. Soja mwini wake anadzamwalirira mumzinda uno mu 2024. Ndinapeza Kuimba 1 ya Evison Matafale. Koma rapu ya Chimalawi munalibe ndi imodzi yomwe. Si kuti sindinkaimvera. Real Elements ndinkawadziwa, Young Kay ndi Third Eye ndinkawatsata, ndipo Tay Grin atayamba kudzitcha Nyau King n'kulowetsa gule wamkulu m'mavidiyo ake ndinaimbira foni mnzanga wa pa kope lija kumuuza kuti aise, zomwe tinkafuna zija ndi izi. Kenaka kunabwera Gwamba, Fredokiss, Phyzix, Martse yemwe anatisiya mu 2022, anyamata orapa Chichewa cha pa msewu mopanda manyazi, akutchula Ndirande ndi Area 18 monga momwe ena aja ankatchulira kwawo. Vuto ndi lakuti nyimbo zimenezi sizinandifike m'manja. Zinkabwera pa memory card yobenetsa kumsika, pa Bluetooth, kenaka pa WhatsApp. Foni yoyamba inabedwa pa renki ya Noord, yachiwiri inagwera m'ndowa, ndipo zonse zinapita nazo. Queensbridge ndili nayo pa alumali, ndi kabuku kake komwe. Ndirande ndilibe.

Katoni ija inapita ku bini, ili yokha. Makaseti ndawakulunga m'majumbo kuti akwere ndi anyamata onyamula katundu aja ulendo wa kumapeto kwa mwezi; akakhale kwa mchemwali wanga, mwina nkhuku zikawapeze ngati galamafoni ya agogo. Ma CD asanu ndi awiri ndawaika pamwamba pa TV, ndipo mayi a kunyumba sanatsutse poti yawo ili pakati.

Magetsi anayaka cha m'ma 6. Mnyamata uja anali atatuluka panja ndi kasipika kake, akuchapa nsapato pa mpopi womwe timamwera limodzi ndi mabanja ena anayi a pa yadi pano: Azulu awiri, mayi wina wa ku Congo, ndi mkulu wa ku Lesotho. Ndinangomva Chichewa chikugunda khoma, rapu ya mnyamata wina yemwe sindikumudziwa n'komwe, akutchula madera a ku Blantyre limodzi ndi limodzi, voliyumu mpaka kumapeto. Ndinapezeka ndafika kale pa khomo.

"Iwe, tsitsa."

"Bwanji ankolo? Akugona ndani?"

Panalibe wogona. Mkulu wa ku Lesotho anali pa mpando wake akusenda lalanje, mutu ukugwedera pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti ameneyu akuti chiyani. Ndinakoka kreti ya mabotolo, kukhalapo, n'kumuuza mnyamatayo kuti abweze kuyambira poyamba.